Ndinagoneka Amalume ndi Njala m'Chipwitikizi

Ana inu, adzukulu anga, nkhaniyi ndailemba m'kope chifukwa pakamwa ndimaphonya mawu. Mukundidziwa kale, anthu akachuluka ine lilime limalemera. Ndinali wotero kuyambira ndili mwana, ndipo ukalamba sunandichize. Lonjezo awerenge mokweza kuti ang'onoang'ono amve nawo, koma asathamange ngati mmene amachitira ndi pemphero la chakudya.

Wandikumbutsa ndi iwe, Esinati. Sabata yatha unakhala pakhonde foni ili kukhutu, ukubwereza mawu a Chipwitikizi pambuyo pa mayi wa m'fonimo, poti ukufuna uziyenda ndi azakhali ako kukapikula nandolo ku Milanje, kutsidya kwa malire ku Mozambiki. Ndinakumva ukuti, "Já comeu? Já comeu?" Utaona ndikudzuka kupita kuseri kwa nyumba unaseka, n'kunena kuti agogo akuopa Chipwitikizi. Sindichiopa, mwana wanga. Mawu amenewo, otanthauza kuti "mwadya kale?", ndinawadziwa amayi ako asanabadwe. Ndinawaphunzira bwino kwambiri, ndipo ndinalakwa nawo kulakwa kumene sindinakuululepo konse kwa munthu.

Ndiyambe ndi za chilankhulo, chifukwa popanda izo simumva. Ife ndife Alomwe. Masiku ano mumazinena pagulu, ena mpaka kuzilemba pamalaya, koma kale sizinali choncho. Malemu bambo anga ankathyola tiyi kuesiteti, ndipo kumeneko anasekedwa mokwanira chifukwa cha kalankhulidwe kawo ndi zakudya zawo. Atabwerera kumudzi analamula kuti m'nyumba mwawo ana azilankhula Chichewa chokha. Amayi anamvera. Chilomwe chawo ankachitulutsa pamtondo, akamasinja ndi anzawo. Ine ndinakula ndikudziwa "mosheliwa", moni wa m'mawa, ndi mawu awiri atatu okalipira mbuzi, basi.

Sukulu ndinaphunzira ya pamudzi pompano kwa Kaduya, kuyambira pa sileti mpaka Sitandade 8. Sindinali wanzeru kwenikweni, koma ndinali wosamala. Aphunzitsi akalemba pabolodi ndinkakopera ndendende, ngakhale pamene choko chathyokera ndinkaikapo kadontho. Ndipo ndinkakonda kuyamikiridwa. Munthu wamkulu akangoti "wachita bwino", mtima wanga unkakhala mbee tsiku lonse.

Chaka chimene ndinamaliza sukulu, bambo anali atamwalira kale, ndipo nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika poipa. Anthu ankabwera kuchokera kumalire mitolo ili pamutu, ana ali kumsana, ena atanyamula nkhuku imodzi yokha. Mwa iwo munali amalume a Enesito, mlongo wawo wamkulu wa amayi. Amayi anabwera kuno kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana, mlongo wawoyo n'kutsalira kwawo, ndipo anali asanaonane chiyambire pamenepo. Anafika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete yakuda, nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe, mapazi atatupa. Akazi awo ndi ana awo anasiyana nawo pothawa, sankadziwa kumene analowera. Komabe ankayenda chowongoka ngati mlongoti, chifukwa kwa zaka zambiri anali woperekera zakudya pahotela ya azungu ku Kilimane.

Amayi anagwa pansi, kugubuduka m'fumbi, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Atadzuka anandiuza kuti, "Mwini mbumba wabwera. Awa ndiwo eni ake a iwe, a Agnesi, a ine amene." Agnesi ndi mlongo wanga uja mumamutcha agogo a ku Migowi, nthawi imeneyo anali kamwana kosavala bwino n'komwe.

Amalume ankadziwa Chilomwe ndi Chipwitikizi. Chichewa ayi. Akamacheza ndi amayi ine ndinkangokhala pambali ngati chitsa. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kanthu, amayi osandimasulira. Nditawafunsa pambuyo pake anati, "Akufunsa ngati unabadwa wosalankhula." Mawu amenewo anandilasa. Ndinatsimikiza kuti zivute zitani ndilankhula nawo.

Apa ndi pamene ndinasochera njira. Mphunzitsi wa Chilomwe anali m'nyumba momwemo, ankandiphikira tsiku ndi tsiku. Ndikanangoti, "Amayi, ndiphunzitseni," bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma ine ndinaganiza kuti munthu wa jekete, munthu wa kuhotela, sungamupatse chilankhulo cha pamtondo. Afunika chilankhulo cholembeka m'kope. Ndinanyamuka ulendo wa kumsika kwa a Mulipa.

A Mulipa anali telala. Ankasokera pakhonde la sitolo ndi makina opalasa ndi mapazi aja, amene inu mumangowaona atachita dzimbiri m'nyumba za anthu. Masiku amenewo kaunjika anali asanachuluke, ndiye telala anali munthu. Malaya a ukwati, yunifolomu, zigamba, zonse zinkadutsa pansi pa singano yake. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa Mpwitikizi wina ku Mokuba, ndipo nkhani imeneyo sankailola kuti izizire. Ndinaima pambali pawo nthawi yaitali ndisanapeze mawu.

"Iwe, ukuyezetsa buluku kapena ukulondera makina angawa?"

"Ndimafuna mundiphunzitseko Chipwitikizi, bambo."

"Chipwitikizi chake chiti? Chakumsika, chakutchalitchi kapena chofunsira mbeta?"

"Choti ndizilankhula ndi amalume. Ankagwira ntchito kuhotela."

"Kuhotela? Basi, chapatebulo! Chimenecho ndimachidziwa ngati bowo la singano. Khala apo, lemba."

Ankandiuza mawuwo akupalasa makina, mapini ali pakamwa, ndipo ovuta ankandilembera ndi choko cha utelala pakansalu. "Tenho fome," ndili ndi njala. "Estou satisfeito," ndakhuta. "Gosta de peixe?" mumakonda nsomba? Chakudya cha m'mawa ankati "mata-bicho", ati kupha kachilombo kamene kamalira m'mimba kukacha. Akafika pa "Não como carne de porco," sindidya nyama ya nkhumba, ankakweza mawu dala kuti amve Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene ankagulitsa phala ndi zitumbuwa pakhonde loyandikana nalo.

"A Mulipa, mwanayo mumuphunzitse kulima," ankatero Abiti Saidi. "Chizungu cha zakudya chakudyacho kulibe, akhuta mawuwo?"

"Inu gulitsani zitumbuwa, ophunzira akuphunzira."

Kenako anandipatsa amene ankati ndi mawu aulemu kuposa onse. "Mzungu akamadya wina n'kutulukira, amati, 'É servido?', ndiye kuti mudya nafe? Kapena amati, 'Já comeu?' Winayo amayankha kuti, 'Obrigado, já comi.' Zikomo, ndadya kale. Lemba bwino, amenewo ndi mawu a anthu olemekezeka." Ndinalemba funso kumanzere, yankho kumanja, ngati katekisimu. Sizinandidabwitse kuti funsolo linali ndi yankho limodzi lokha.

Linafika tsiku loyamba kuyesa. Amalume anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndinayandikira n'kuti, "Tio, gosta de peixe?" Tio ndiye kuti malume. Anadzidzimuka, kenako anaseka, kuseka kwawo koyamba chifikireni. Anayankha zambirimbiri zimene sindinamve, manja akusonyeza kukula kwa nsomba za m'nyanja ya mchere. Pomaliza anandigwira paphewa n'kuti, "Muito bem, sobrinho." Wachita bwino, mphwanga. Ana inu, tsiku limenelo ndinayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Miyezi imene inatsatira inali yabwino, ndipo ndimaikumbuka ngakhale imandipweteka. Tinkalima limodzi. Khasu linkawavuta, manja awo anali a matebulo, koma sankalola kutsala pamzere. Masana ankandikonza katchulidwe ka mawu, ndipo anandiphunzitsa kunyamula mbale zitatu zachitsulo padzanja limodzi, Agnesi akugwa nako kuseka. Pa chakudya ndinkawafunsa mafunso anga onse a m'kope, iwo n'kumayankha akumwetulira. Anali masewera chabe, chifukwa chakudyacho amayi ankakhala atachiika kale patsogolo pawo. Anthu ena othawa nkhondo ankapita kumsasa kumene kunkagawidwa ufa ndi nyemba, koma amayi anakana kwamtuwagalu. "Mwini mbumba wanga sakaima pamzere ndi chitini ine ndili moyo."

Ndiye inafika Febuluwale. Chaka chimenecho nkhokwe inatha msanga, pakamwa patawonjezereka. Chimanga cha m'munda chinali chitangoyamba ngayaye, mango atatha. Tinatsala ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndi kalongonda. Inu kalongonda mumamuthawa, mumati ndi wakuda, mumafuna mpunga ndi soya. Simudziwa ntchito yake. Nyemba imeneyo imawira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, chifukwa ukaifulumizira imazunguza mutu, munthu n'kumaona nyumba ikuyenda. Nkhuni zake zokha zinali ulendo wa kuphiri. Koma ndi imene inalera agogo anu, ndiye mukamaikwinyira nkhope muzichita pang'ono.

Mkati mwa njalayo Agnesi anadwala malungo aakulu. Amayi anamubereka kupita naye kuchipatala, ndipo anawagoneka. Ponyamuka anandiuza ataima pakhomo, "Makaka ali m'dengu, kalongonda ukudziwa kaphikidwe kake. Amalume ako uwasamale."

"Ndiwasamala, amayi."

Tsiku limenelo ndinaphika mosamala, n'kupakula mbale ziwiri. Nditayang'ana mbale ya amalume ndinachita manyazi. Munthu amene ankanyamulira azungu nsomba ndi buledi, lero ndimuikire kalongonda wopanda mafuta? Amayi akamaika zinkaoneka bwino, koma ine ndinaona kuti pakufunika kuwonjezera ulemu kuti chakudyacho chisanyozeke. Ndinasiya mbale m'nyumba, ndinakoleka kansalu pamkono monga anandionetsera iwo eni, ndinapita pansi pa mango paja, ndinaima chiimire, n'kunena bwinobwino, "Tio, é servido?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana m'manja mwanga, munalibe kanthu. Anayang'ana kukhomo kwa nyumba. Ine ndinkayesa akusirira katchulidwe kanga. Kenako anati, "Obrigado, sobrinho. Já comi."

Ndendende ndi za kumanja kwa kope langa. Ndinakondwa.

Lonjezo, apa uwerenge pang'onopang'ono. Pakhomo pathu munthu safunsidwa ngati adye. Umabwera ndi madzi, umagwada, asamba m'manja, umaika mbale, umachoka. Ukamufunsa, makamaka mwezi wa njala, wamuuza kuti chakudya n'chochepa, atithandize pokana. Zimenezi ine ndinkazidziwa chibadwire, palibe anandikhazika pansi kundiphunzitsa. M'Chichewa pakamwa panga sipakanatuluka mawu akuti, "Amalume, mudya?" Akanandiwotcha lilime. Koma m'Chipwitikizi mawuwo analibe manyazi, ankatuluka osalala ngati a munthu wina. Ndipo amalume, amene anakalambira pamatebulo, ankadziwa bwino kuti mawu amenewo amauzidwa munthu wongodutsa, amene wakupeza ukudya koma sanawerengedwe pamphika. Mlongo wawo atangochoka, mwana wa mlongo wawoyo anawauza kuti pakhomopo ndi odutsa.

M'mawa mwake anasasa jekete yawo n'kutuluka, anabwerako dzuwa litapendeka. Ndinawafunsa, "Já comeu?" Anati, "Já comi." Ndinadziuza kuti akudya kwa anzawo a kwawo amene ankasonkhana kumsika. Tsiku lachitatu chimodzimodzi.

Tsopano ndinene chimene sindinauze amayi, chimene sindinauze ngakhale malemu agogo anu aakazi zaka zonse tinakhala limodzi. Mbale yachiwiri ija ndinkadya ine. Tsiku loyamba ndinati isawonongeke. Lachiwiri ndinateronso. Koma tsiku lachitatu ndinawaona kuseri kwa nkhokwe akutafuna phesi laliwisi la chimanga ngati mmene amachitira ana. Ndinaona, ndinatembenuza nkhope. Ndinali mnyamata wa zaka zosakwana makumi awiri, njala ikundiluma usana wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo ndinali kukhuta. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapakula mbale ziwiri ndikudziwa kuti zonse ndi zanga. Ndinkapita pansi pa mango ndi kansalu kanga, n'kufunsa mokweza, ndi ulemu wonse, yankho ndikulidziwa kale. Kulakwa koyamba kunali kwa umbuli. Kwa masiku enawo ayi.

Tsiku lachisanu masana ndinamva mawu kubwalo.

"Odi pano! Ali kuti mphunzitsi wamkulu wa Chipwitikizi?"

Anali Abiti Saidi, thukuta lili kamukamu, mpango utapendekeka. Anali asanafikepo pakhomo pathu chiyambire.

"Lowani, mayi."

"Ndilowe ndidzadye chiyani, mafunso? Amalume ako agwa pakhonde langa ngati thumba. Tachita kuwathira madzi."

"Agwa? Akudwala?"

"Akudwala njala, chitsiru iwe! Ndawamwetsa phala makapu awiri, lachitatu agwira okha."

"Koma amandiuza kuti adya kale."

"Adya kuti? Kwa ndani? Mwezi uno ndani akudyetsa mnzake? Ine Chilomwe ndimamvako. Ndawafunsa kuti bambo, simuli ndi abale? Ati, 'Ndili nawo, amandifunsa kawiri patsiku.' Iwe unaleredwa pakhomo pano kapena unagwa mumtengo?"

Anapitiriza osandidikira.

"Ife tikamasala, dzuwa likalowa timadya. Iwe wawasalitsa masiku asanu osapumira. Amayi ako akudwazika mwana, akuyesa asiya munthu pakhomo. Thamanga, mwina uwapeza."

Ndinathamanga, koma sindinawapeze. Lole yotenga othawa nkhondo kupita nawo kumsasa inali itadutsa pamsikapo, ndipo amalume anakwera. A Mulipa atamva mmene zinakhalira anaimitsa makina, n'kulavula mapini m'dzanja.

"Iwe, mawu aja unkawanena kwa munthu wa m'nyumba? Mbale osaika?"

"Munati ndi aulemu, bambo."

"Aulemu kwa munthu wapanjira! Mzungu wanga uja ankandiuza ine amenewo akamadya nkhuku, ukuganiza ndinakhalapo pansi n'kudya naye?"

"Simunandiuze."

"Sindinakuuze, zoona. Koma zimenezo mpaka achite kubwera Mpwitikizi kudzakuuza?"

Anapalasanso makina osandiyang'ana. Kwa a Mulipa sindinapitekonso kukaphunzira.

Patapita masiku awiri amayi anabwera, Agnesi akupezako bwino. Ndinawafotokozera nditagwada, za mafunso ndi za lole. Za mbale yachiwiri ndinameza. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo zikanandipepukira akanakalipa, koma sanatero. Tsiku lotsatira anaphika kalongonda kuyambira m'mawa, anawiritsa makaka, anapempha timatemba ta ku Chilwa kwa mnzawo n'kuwotcha. Zonse anamanga m'mbale yovundikira, n'kukulunga ndi chitenje chawo chabwino.

"Ine mwanayu sindingamusiye. Pita. Ukabwere nawo."

Msasawo unali kuseri kwa phiri, chakumalire. Ndinayenda pansi kudzera pampata wa Fort Lister, Mulanje kudzanja lamanja, Michesi kulamanzere, onse atafunda mitambo. Inu masiku ano mumakwera njinga zamoto n'kumadandaula kuti msana wapweteka. Ife tinkavula nsapato, amene anali nazo, n'kuwoloka mitsinje madzi akulekeza m'chiuno, katundu ali pamutu. Mvula inandipeza pafupi ndi zipupa zakale za azungu zija zili m'thengo, ndinabisa mbale m'malaya kuti isalowe madzi. Njala inandigwira, fungo la matemba likundilowa m'mphuno njira yonse, koma mfundo ya chitenjecho sindinaikhudze. Ndinagona panjira kwa anthu achifundo, n'kufika kumsasa mawa lake dzuwa lili pamutu.

Kunali misasa ya udzu ndi mapepala apulasitiki kuyambira apa mpaka uko, utsi, ana akulira, anthu osawerengeka. Ndinazungulira nthawi yaitali, ndikuopa kufunsa. Ndinawazindikira ndi jekete. Anali pamzere wa ufa, chitini chili m'manja, ataima chowongoka monga mwa nthawi zonse. Ndinadikira mpaka alandire. Atandiona sanadabwe, sanakwiyenso. Anangolowera kukamsasa kawo, ine pambuyo, n'kukhala pamwala panja pake.

Ndinabwereka beseni ndi madzi kwa mayi wina woyandikana nawo. Ndinagwada. Sindinanene kanthu. Anayang'ana madziwo kanthawi, kenako anapinda manja a jekete n'kusamba. Ndinamasula chitenje, ndinavundukula mbale, ndinasunthira pambali. Anadya pang'onopang'ono, osadzutsa mutu, kalongonda yemwe uja ndinkachita naye manyazi. Atatsala pang'ono kumaliza analeka, n'kukankhira mbaleyo kwa ine. Anandisiyira, monga amachitira akuluakulu ndi mwana wa m'nyumba. Munali makaka awiri ndi katemba kamodzi. Ana inu, ndadyapo zowawa m'moyo uno, koma chakudya chimene chinandivuta kumeza ngati chimenecho palibe.

Nditamaliza ndinalankhula m'Chichewa, ndikuloza kumene kuli kwathu. "Amalume, tiyeni kunyumba. Amayi akudikira. Ndinalakwa ine."

Anandigwira dzanja n'kuyamba kulankhula Chilomwe. Analankhula nthawi yaitali, motsitsa, nthawi zina akuloza kumalire, nthawi zina akudzigwira pachifuwa. Kapena ankandikhululukira, kapena ankandidzudzula, kapena ankanena za ana awo, sindikudziwa mpaka lero. Ndinangomvamo dzina la amayi, linatuluka katatu. Anthu odziwa Chilomwe ndi Chichewa chomwe analipo ambirimbiri pamsasapo, mayi wa beseni uja anali poteropo. Ndikanangomukodola. Koma akanamva zimene ndinachita, ndipo manyazi anandimanga pakamwa. Ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva. Ndinafufuza m'mutu mawu a Chipwitikizi oti ndiwachonderere nawo, koma onse amene ndinali nawo anali a patebulo.

Pomaliza anapinda chitenje cha amayi bwinobwino, makona anayi, n'kundipatsa pamodzi ndi mbale. Anaimirira n'kusankha mawu amene ankadziwa kuti ndiwamva. "Estou satisfeito, sobrinho." Analowa m'kamsasa kawo n'kutsitsa chiguduli cha pakhomo. Ndinaima panjapo mpaka mthunzi unasuntha. Sanatulukenso.

Sindinawaonenso amalume a Enesito. Agnesi atachira amayi anapitako okha, koma anapeza atasamutsidwira kumsasa wina wakutali, ndipo palibe anadziwa bwino kuti ndi uti. Nkhondo itatha tinamva mphekesera kuti anawoloka kubwerera kwawo kukafuna ana awo. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo mlendo aliyense wochokera kutsidya ankamufunsa za munthu wamtali wa jekete yakuda.

Koma ndibwerere ku tsiku limene ndinafika pakhomo kuchokera kumsasa. Linali dzuwa la masana, miyendo itatupa, m'mimba mulibe kanthu chiyambire dzulo lake. Amayi anali pakhomo la khitchini. Sanayang'ane ine, anayang'ana njira kumbuyo kwanga, nthawi yaitali, mpaka anatsimikiza kuti mulibe munthu. Ndinawapatsa chitenje chopindidwa chija. Anachigwira pachifuwa.

"Adya?"

"Adya, amayi."

"Anena chiyani?"

"Alankhula zambiri. M'Chilomwe."

"Akuti chiyani?"

"Sindinamve, amayi."

"Ngakhale liwu limodzi?"

"Dzina lanu lokha."

Kenako analowa m'khitchini, ndinamva akuvundukula mphika. Ine ndinakhala pakhonde kudikira madzi osamba m'manja, monga ndinkachitira chibadwire. Anatuluka opanda madzi, opanda mbale. Anaima chiimire patsogolo panga, maso ali ofiira, n'kundifunsa ndi mawu ofatsa kwambiri.

"Udya?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndadya kale, amayi."

Anabwerera m'khitchini n'kuvundikira mphika. Mawa lake anandiikira chakudya monga mwa masiku onse, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sanandifunsenso funso limenelo.